Kalata yotseguka kwa akuluakulu a zamaphunziro: tibwezereni aphunzitsi ogona pasukulu

Kwa inu akuluakulu oyang'anira maphunziro kuno ku Mulanje ndi ku likulu, mafumu athu, makhansala, komanso aphungu a m'boma lino,

Ndakupatsani moni nonse mwaulemu, ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Ine ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala kumunsi kwa phiri mbali yopita ku Muloza, ndipo ndili mu komiti ya sukulu ya pulayimale ya m'mudzi mwathu. Dzina la sukuluyo sinditchula, sindikufuna kuti ahedi athu mawa aitanidwe kukafunsidwa kuti bwanji makolo anu akulankhula, iwo sakudziwa nkomwe kuti ndalemba. Komanso amene angawerenge ku Thyolo, ku Phalombe kaya ku Chiradzulu adzaona ngati ndikunena sukulu yakwawo. Ndabwera poyera chifukwa komiti yathu inalemba makalata awiri, ine ndemwe ndinakasiya imodzi nditakwera kabaza ndi ndalama yanga, mpaka lero yankho kulibe.

Chandilembetsa ndi ichi. Teremu yathayi aphunzitsi awiri achoka pasukulu pathu, mmodzi ndi amene ankaphunzitsa sitandade 8, ndipo m'malo mwawo simunabwere munthu. Sanathamangitsidwe ayi, anapempha okha thiransifa, ndipo ine sindingawaloze chala chifukwa nyumba imene mmodzi wa iwo ankagonamo inasasuka denga ndi namondwe wa Freddy mu March 2023, kuyambira pamenepo amachita lendi kutali nkumapalasa njinga tsiku ndi tsiku. Anapirira, anatopa, anapita. Ana amene akuyembekezera mayeso a MANEB pano akugawana mphunzitsi ndi sitandade 7.

Musanafike pa madandaulo ndiloleni ndikuuzeni kaye za ine, mwina mumvetsa chifukwa chake nkhani ya nyumba ya mphunzitsi ikundiwawa chonchi.

Ndinayamba sitandade 1 mu 1994, chaka chimene a Bakili Muluzi analengeza kuti pulayimale ndi yaulere. Ana m'sukulu za dziko lino anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni nkufika cha pa 3 miliyoni nthawi imodzi, ine ndinali mmodzi mwa owonjezerawo, fizi ikanakhalapobe amayi sakanandilembetsa olo pang'ono. Amayi ankathyola tiyi ku esiteti, dengu kumsana kuyambira mbandakucha, malipiro ake owerengera pa sikelo, mvula ikatha ntchito nayo imachepa. Kalasi yathu inali pansi pa mtengo wa mango ndipo a, e, i, o, u tinkalemba ndi chala pa dothi. Ndinabwereza makalasi awiri, nde pofika 2002 ndinali sitandade 7, ndili ndi zaka 15.

Amene analipo akukumbuka njala ya 2002. Kwathu tinkadya madeya, nthawi zina nthochi zosakhwima zophika basi, ndipo anthu ankawoloka malire kupita ku Milange kukagwira ganyu wolipidwa makaka. Ine ndinasiya sukulu nkumatsagana ndi amayi. Nthawi yomweyo panali bambo wina wa geni ya chimanga amene anayamba kubwera pakhomo, lero ndi kathumba ka ufa, mawa shuga, ndipo amalume anali atavomera kale mumtima kuti mwanayu angopita, pakamwa pamodzi pachepe. Sindikuwada amalume anga, anali ndi mbumba yonse pamutu ndipo m'nkhokwe munalibe kanthu.

Tsiku lachinayi ndisanapite kusukulu, madzulo, tinangoona madamu athu a sitandade 7 akutulukira kuseri kwa nthochi, masilipasi ali m'manja chifukwa anawoloka kamtsinje, rejisitala atayikulunga mu jumbo. Amayi anathamangira kukabwereka mpando kwa aneba koma madamu anakana, anakhala pa mphasa. Atalonjerana anafunsa kuti mwini mbumba ali kuti. Kwawo sikunali kuno, koma anali atakhala nafe zaka zambiri nde ankadziwa kuti kuno nkhani ya mwana wamkazi siitha popanda amalume. Anadikira mpaka kunja kunayamba kuda. Amalume atafika madamu sanawanyoze, sanatchule za polisi, anangotsegula rejisitala nkuwaonetsa dzina langa ndi mizere ya masiku amene ndinajomba, kenako anati, "Amalume, mwanayu ndibwerekeni mpaka alembe sitandade 8 basi. Akalephera ndidzabwera naye ndekha pakhomo pano." Amalume anakhala chete nthawi yaitali akupukusa fodya, kenako anati tamva aphunzitsi, mutengeni.

Kuyambira sabata imeneyo madzulo aliwonse tinkakhala pakhonde pa madamu, atsikana asanu, nyali ya galasi ili pakati, iwo akuchonga makope kwinaku akutifunsa masamu. Kukakhala chinangwa chophika ankatigawira, nthawi zina ndi chokhacho chimene ndinkadya tsiku limenelo. Chimangirizo changa china analemba pansi pake ndi bolopeni yofiira kuti "Uli ndi mutu, usausiye." Kope limenelo ndikadali nalo, mapepala anachita chikasu ndipo mphemvu zinadya m'mbali koma mawuwo akuwerengeka. Ndinalemba mayeso mu 2003, ndinasankhidwa kupita ku CDSS, ndinakhoza MSCE, lero ndimagwira ntchito ya zaumoyo m'midzi, ndimayeza ana sikelo ndi kupereka katemera, ndipo ana anga atatu onse ali pasukulu. Anzanga awiri amene anasiya chaka chomwecho koma aphunzitsi awo sanawalondole, mmodzi anamwalira pobereka, wina ndimakumana naye ku sikelo ali ndi zidzukulu kale pomwe ndi msinkhu wanga.

Akuluakulu, taonani bwino nkhani imeneyi. Zonse zimene zinandipulumutsa sizinachitike nthawi ya kalasi. Zinachitika madzulo, pa mphasa ya amayi ndi pakhonde la nyumba ya aphunzitsi, ndipo zinatheka chifukwa nyumba ya madamu inali kuseri kwa kalasi, ankatunga madzi pa mjigo umodzi ndi amayi athu, maliro akachitika ankabwera kudzakhala nawo pa siwa, nde mwana akasowa masiku atatu ankadziwa khomo loti akagogode. Mphunzitsi wotere ndi amene mukutichotsera pang'onopang'ono, osati ndi chilengezo cha pa wailesi ayi, koma pongosiya zinthu kuti ziwonongeke.

Choyamba ndi nyumba zomwezo. Pasukulu pathu lero amene amagona pompo ndi ahedi okha. Ena onse amachokera ku trading, ena amapalasa, ena amalipira kabaza kupita ndi kubwera kuchokera m'salale yomweyo. Nthawi ya dzinja mitsinje yochokera m'phirimu imadzaza mwadzidzidzi, mvula ikagwa kumtunda usiku mphunzitsi amaima kutsidya kudikira madzi aphwe, amafika 9 koloko ana ang'ono atatopa kale ndi kusewera, ikakwana nthawi yowerukira nayenso amathamanga kuti mvula isamutsekereze. Si ulesi, ndimawaona ine akufika thalauza ili matope mpaka m'maondo. Koma munthu wotereyu angadziwe bwanji kuti mtsikana uja wa kumbuyo wasiya kubwera chifukwa akumufunsira banja, kapena kuti mnyamata uja pano akusenza matabwa ndi makala kuchokera m'phiri, kapena akugulitsa nanazi pamsewu? Pomwe azidzazindikira ndi pa mayeso a teremu, mwana atapita kale ku Mozambique.

Nthawi ya Freddy, imene anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa m'dziko muno, sukulu yathu inasanduka kampu ngati sukulu zina zambiri kuno kummwera. Aphunzitsi omwewo ndi amene ankalemba maina a anthu othawa madzi, kugawa ufa, kutonthoza ana amasiye, pomwe katundu wawo yemwe anali atanyowa. Anthu atabwerera m'midzi tinauzidwa kuti makolo umbani njerwa, zina boma lithandiza. Tinaumba. Amayi anatunga madzi, abambo anaponda dothi, amfumu anapereka nkhuni zowotchera, uvuni unapsa bwinobwino. Njerwazo zilipo mpaka pano kuseri kwa sitandade 3, zamera udzu ndipo zapansi zayamba kufumbutuka. Chimene chikusowa ndi simenti, malata, misomali ndi mmisiri basi. Ndalama za CDF, zija za chitukuko cha m'dera la phungu, timangozimva, za SIG, thandizo la boma lotukulira sukulu, zimene zimafika pasukulu zimathera choko, makope ndi kukonza zimbudzi, sizingamange nyumba.

Chachiwiri ndi kuchuluka kwa ana. Boma lenilenilo limanena kuti mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana osaposa 60. Bwerani mudzaone sitandade 1 ndi 2 kwathu, ana oposa 100 akhala pansi mothithikana, mphunzitsi alibe ndi poponda kuti afike kumbuyo. Kuitana maina kokha kumadya nthawi ya phunziro lonse. Mwana wanga wamng'ono anamaliza teremu yathunthu aphunzitsi ake asakudziwa dzina lake, ndipo sindinakwiye nawo, angaloweze bwanji? Chopweteka nchakuti aphunzitsi alipo. Achinyamata amene anamaliza maphunziro a uphunzitsi a IPTE m'makoleji a aphunzitsi (ma TTC) amakhala zaka akudikira kulembedwa ntchito, mwana wa achemwali anga ndi mmodzi, satifiketi ili mu sutikesi iye akugulitsa kaunjika pa Limbuli. Ena mumawatenga ngati ma auxiliary kwa kanthawi, ana akangowazolowera kontilakiti yatha. Kwinaku sukulu za pafupi ndi tauni ndi m'mbali mwa msewu wa tara aphunzitsi amachita kugawana kalasi imodzi awiri kapena atatu. Izi sizofuna ndalama zachilendo, ndi nkhani ya kagawidwe, ndipo amene mumasainira ma posting ndi inu.

Chachitatu ndi m'thumba mwa mphunzitsi. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, sopo, shuga, feteleza, thiransipoti zonse zinakwera, ndipo alawansi ya kumudzi ija pano imangothera pa ulendo wokatapa salale ku banki pa boma. Aphunzitsi ambiri amene ndimawadziwa salale isanafike imakhala itadyedwa kale ndi ngongole, ena ali m'manja mwa akatapila, ena mu banki m'khonde ziwiri zitatu. Alipo amene akhala pa giredi imodzi, ija tinkaitcha PT4, zaka zoposa khumi osakwezedwa, ana amene anawaphunzitsa abwera kudzawapeza pa giredi yomweyo. Mu 2017 aphunzitsi ananyanyala ntchito chifukwa cha leave grant, mu 2021 ananyanyalanso pa nkhani ya alawansi ya Covid, ndipo nthawi zonsezo amene anakhala pakhomo ndi ana athu ife osauka, a ku ma private ankaphunzira. Chifukwa chiyani zinthu zoti munthu ndi zake kale zimafuna sitalaka kuti zituluke?

Madamu anga aja anapuma ntchito atakwanitsa zaka 60. Ndinakawaona, ndinawapeza akukazinga zitumbuwa zogulitsa pakhomo, maso ayamba kuvuta, ndipo anandiuza kuti ndalama zawo zopumira anazilondola maulendo angapo, ulendo uliwonse kumva kuti failo yanu sikuoneka, bweraninso. Thiransipoti yake yobwereka. Munthu amene anagwira choko zaka zonse zija, amene anatulutsa manesi, apolisi, aphunzitsi anzake, mwinanso ena mwa inu amene mukuwerenga kalatayi muli mu ofesi. Ndinalira pobwerera. Ndipo aphunzitsi achinyamata amaona zimenezi, amadziwa kuti kutsogolo kwawo ndi komweko, nde tisadabwe akamathawira ntchito zina mpata ukangopezeka.

Chachinayi ndichovuta kunena koma ndikachisiya ndikhala wabodza. Mphamvu imene mphunzitsi ali nayo yomanga mwana ndi yomweyonso yomugwetsera. Mchimwene wanga anali wachibwibwi. Ali sitandade 5 mphunzitsi wina ankamuimika kutsogolo kuti awerenge, akakakamira pa liwu nkumamuyeserera kalasi yonse ikuseka, tsiku lina anamuuza kuti iwe mutu wako ndi wothyola tiyi basi. Anabwera kunyumba, anaika makope pa denga, sanabwererenso. Pa masamu ankandiposa ine kutalitali. Lero amapalasa kabaza, ndipo mpaka pano akafuna kulemba dzina pa fomu manja amanjenjemera. Mawu amodzi a mphunzitsi anandikweza ine, mawu amodzi a mphunzitsi anamukhazika pansi iye, m'nyumba imodzi.

Ndiye pali ena, ochepa koma alipo, amene amachita zibwenzi ndi ana asukulu. Malamulo a dziko lino anasinthidwa mu 2017 kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana ndipo sangakwatiwe. Koma zimene timaona kumudzi kuno nzakuti nkhani ikaphulika, munthu uja amangopatsidwa thiransifa, kupita sukulu ina ya kumudzi kwambiri kumene makolo sakumudziwa. Kumeneko si kulanga, ndi kusamutsa moto kuchoka pa denga lina kukauika pa denga lina. Mtsikana ndi amene amatsala ndi mimba ndi manyazi. Ndondomeko yoti mtsikana akabereka abwerere kusukulu ilipo kuyambira 1993, amayi a mother group amayesetsa kuwalondola, koma mwana angabwerere bwanji pamene akuona kuti amene anamulakwira akadali ndi choko m'manja? Aphunzitsi abwino, amene ndi ochuluka, nawonso zimawanyozetsa, ndipo ndikudziwa kuti akugwirizana nane pamenepa. Ndikamapempha nyumba za aphunzitsi pasukulu ndikupemphanso kuti ogonamo akhale anthu oti kholo lingatumizeko mwana wamkazi madzulo mtima uli m'malo, ngati mmene amayi ankanditumizira ine.

Tsono zopempha zathu ndi izi, ndipo ndazikambirana ndi makolo anzanga angapo:

1. Tumizani mphunzitsi wa sitandade 8 pasukulu iliyonse imene ilibe, teremu ino, mayeso asanafike. Ndipo pasakhale kuvomereza thiransifa kuchoka sukulu ya kumudzi wolowa m'malo asanapezeke.

2. Pamene makolo aumba kale njerwa, bweretsani simenti ndi malata mvula isanabwerenso. Aphungu ndi makhansala, tiuzeni poyera pa msonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'dera (ADC) kuti pa ndalama za CDF za chaka chino zingati zapita ku nyumba za aphunzitsi, ndipo mndandanda wa sukulu zimene nyumba zake zinagwa ndi Freddy umatidwe pa TDC iliyonse, malo aja okumanirako aphunzitsi a m'zoni, kuti tizitha kuona tokha kuti yathu ili pa nambala chani. Mchenga, madzi ndi manja tipereka ife, tinapereka kale.

3. Lembani ntchito aphunzitsi a IPTE amene akungokhala, ndipo oyamba apite sukulu za kutali ndi tara. A PEA, alangizi a sukulu za pulayimale m'zoni, akudziwa sukulu zimene zili ndi aphunzitsi ochuluka ndi zimene zilibe, afunseni.

4. Alawansi ya kumudzi iwunikidwenso molingana ndi mmene zinthu zakwerera, ndipo amene akhala zaka zambiri pa giredi imodzi akwezedwe.

5. Mphunzitsi akapuma, ndalama zake zituluke iye ali moyo ndipo ali ndi mphamvu zozidyera. Failo izikonzedwa chaka chake chomaliza chisanathe, zaka zake zobadwa mumazidziwa kuyambira tsiku limene munamulemba ntchito, palibe chodzidzimutsa pamenepo. Nkhalamba isamakwere minibasi kukafunafuna pepala limene inu ndi amene mumasunga.

6. Mphunzitsi wopezeka kuti wagona ndi mwana wasukulu achotsedwe ntchito ndipo nkhani ipite ku polisi, osati thiransifa. Makolo ndi a mother group tiuzidwe kumene tingakanene popanda kuopa kuti mwana wathu azunzidwa m'kalasi.

Lamulo la maphunziro la 2013 limati mwana aliyense ayenera kupita ku pulayimale, ndipo mafumu athu ena amalipiritsa nkhuku kapena mbuzi kholo limene mwana wake akujomba. Ife tavomera, tikuwatumiza, ena amapita m'mimba muli phala la kusukulu lokha. Mbali yathu tikuchita. Tikufunsa kuti akafika kumeneko apeze munthu amene ali ndi nthawi, mtendere wa mumtima ndi pogona, woti atha kuzindikira kuti lero pamzere wachitatu pakusowa mwana.

Kwa aphunzitsi amene muwerenge izi, makamaka inu amene mwakakamirabe kumidzi, zikomo, tikukuonani. Kwa anzanga amene munadutsa m'manja mwa mphunzitsi wina amene anakulondolani kunyumba, kaya anakulipirirani ya mayeso, kaya anangokuuzani mawu amodzi amene munawasunga, gawirani ena kalatayi mpaka ifike pa tebulo loyenera, ndipo ngati sukulu yakwanu nayo ili ndi njerwa zongokhala nenani.

Mwana wanga woyamba, mtsikana, ndi mmodzi mwa a sitandade 8 amene atsala opanda mphunzitsi wawo. Ali ndi zaka 14. Madzulo ndimakhala naye pakhonde ndi tochi ya pa foni kumufunsa zimene ndikukumbuka, koma silabasi inasintha ndipo zambiri sindizitha. Anzake ena awiri sabata ino sanabwere kusukulu, dzulo ndinapita kwa mmodzi ndinapeza pakhomo pali potseka, aneba akuti anapita ndi amayi ake kutsidya. Kwa winayo ndipita Loweruka ndi amayi a mother group. Komiti yathu imakumana Lachisanu loyamba la mwezi pansi pa mtengo wa mango womwe uja, mukabwera mudzatipeza, ndipo njerwa tidzakuonetsani.

Ine wanu mwaulemu,
Kholo komanso membala wa komiti ya sukulu,
Mulanje